Foni Imene Ndinatsekera M'chitini

Tiwonge mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti wasunga pangano lathu, ndipo kalatayi ukuiwerenga basi itawoloka kale mlatho wa Bua. Ngati waitsegula mukadali pa depoti pa Kasungu, ipinde uibwezere m'kachikwama. Kumapeto kuli mawu amene ndikufuna akupeze uli patali, poti sungauze adalaivala kuti aime utsike. Ndipo usathamangire kumapetoko. Werenga mwa ndondomeko monga ndalembera.

Ndakhala m'chigafa, pa benchi losankhirapo fodya. Muno muli zii, fodya anapita kale ku okushoni, mwangotsala mikangala yopachikirapo fodyayo ndi fungo lake. Iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako, ndipo bambo ako ali kudambo kuthirira nazale. Ndinayamba ndalemba ndi pensulo m'kope lako lakale, tsopano ndikukopera ndi bolopeni. Ukapeza polakwika usaseke kwambiri, paja ine ndinalekera Sitandade 7. Ukundidziwa, pakamwa panga m'polemera. Mawa pokwera basi ndingonena kuti uyende bwino, n'kuyang'ana pansi. Zotsalazo ndi izi ndalembazi.

Choyamba, ndimakunyadira. Mawu amenewa sindinakuuzepo ndi pakamwa chikubadwire. Tsiku limene uthenga unafika woti wasankhidwa kupita ku koleji, bambo ako anachokera kumunda akuthamanga, foni ili m'mwamba ngati agwira mbalame. Anauza aliyense, ngakhale munthu wogulitsa usipa amene ankangodutsa pa njinga. Lamulungu lake a mkulu wa mpingo atakuitana kutsogolo, amayi onse analuluta, ine ndekha nthungululu inakanirira pakhosi. Mwina unaganiza kuti sindinakondwe. Titafika kunyumba ndinapita kuseri kwa chigafa chino n'kululuta ndekhandekha mpaka nkhuku zinabalalika. Bambo ako anatuluka ndi ndodo poyesa kuti ndaona njoka.

Ukupita ku Blantyre kukaphunzira za mafoni ndi nsanja zake. Nthawi zina ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha, chifukwa pamudzi pano panalibe munthu woopa zinthu zimenezo kuposa mayi ako. Ndilibe nzeru za m'mabuku zoti ndikupatse. Ndili ndi zolakwa zanga zokha, ndiye ndikupatsa zomwezo kuti usakazibwereze.

Chaka chimene unali Sitandade 8, anamanga nsanja ya netiweki ija pafupi ndi chigayo. Inatha kumangidwa mvula ili pakati, nthawi yoyamba kuthyola fodya. Sabata lomwelo ine ndinayamba kudwala. Ndikachoka kumunda mutu unkalasa, chizungulire, mseru, thukuta lozizira. Sindinali ndekha. Pa mjigo amayi ambiri ankadandaula zomwezo. A Nyachirwa, anzanga a nyumba ya malata kumtunda aja, anatula ndowa n'kuloza nsanja ndi mlomo.

“Yayi, amama, musavutike n'kufunsa,” anatero. “Chinsanja chija chikutiyamwa magazi. Mafunde ake amalowa m'mutu ngati mphepo yolowa pa zenera. Simukuona ngakhale akhwangwala satera pamenepo?”

Ine ndinakhulupirira. Popita kuchigayo ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo, thumba la chimanga lili pamutu, matope akufika m'mawondo, kuti ndisadutse pansi pa nsanja. Sindinafunse aliyense, ngakhale alangizi a zaumoyo amene ankabwera ku sikelo mwezi uliwonse. Ndinkachita manyazi.

Amene anandiwombola ndi iwe, kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu. Tsiku lina tikusoka fodya muno unandiyang'ana n'kunena kuti, “Amayi, nanga bwanji Lamulungu simudwala? Kodi nsanja nayonso imapita kutchalitchi?” Ndinakukalipira kuti ulibe mwambo. Koma mawuwo anandikhala. Ndinayamba kuwerenga masiku, ndipo ndinaona kuti ndimadwala tsiku lokhalo limene ndathyola fodya m'mamawa, masamba ali ndi mame, nditawakumbatira pachifuwa mpaka bulauzi kunyowa. Nditalimba mtima n'kufunsa alangizi aja, anandiuza kuti madzi a pa masamba a fodya amalowa pakhungu n'kuledzeretsa munthu ngati wasuta. Anati tidzidikira mame akamuke, tidzivala pulasitiki kutsogolo, ndipo tikaweruka tidzisamba n'kusintha zovala. Ndinang'amba thumba la feteleza, n'kulichapa, n'kusoka epuloni. Chizungulire chinatha, nsanja ili chiimire pomwe paja. Mwana wanga, chinthu chatsopano chikabwera, matenda onse timachisenzetsa, pamene chotipweteka chili m'manja mwathu momwe. Safunsa anadya phula. Uzikafunsa. Ngakhale m'kalasi muli anyamata okhaokha ndipo akuseka, iwe kweza mkono.

Ukanayesa kuti ndinaphunzirapo, koma ayi. Mantha anangosamuka, kuchoka pa nsanja kupita pa foni. Ichi chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo sindinakupepesepo. Unali Fomu 1, teremu yoyamba ku sukulu yogonera konko. Loweruka lina masana unabwereka foni ya amatroni n'kuimba. Ndinathamangira pa chulu cha kuseri kwa khola, paja netiweki kuno imagwira bwino pokhapo. Unkalira. Unati atsikana a m'tauni akukuseka kuti zovala zako zikununkha fodya, unati ukufuna kubwera kunyumba. Ukulankhula choncho, khutu langa linayamba kutentha. Ndinakumbukira zimene anthu ankanena, kuti foni ukaikhalitsa kukhutu imaphika ubongo. Ndinaopera ine, ndinaoperanso iwe, poti nawenso inali kukhutu. Ndinangoti, “Chabwino, tamva. Limba mtima.” Ndipo ndinadula.

Ndinatsika pa chulu paja ndikudziuza kuti ndakuteteza. Utabwera pa holide sunatchule nkhaniyo, koma ndinaona kuti zako unayamba kuuza azakhali ako, osati ine. Sindinakudandaule. Mwana akagogoda pakhomo n'kumutsekera, amakagogoda pena. Pambuyo pake ndi iwe wemwe unandionetsa kuti foni imafunda ikagwira ntchito nthawi yaitali, makamaka pamene netiweki ili yochepa, ndiponso kuti pali batani la sipika loti munthu n'kumalankhula foni ili m'manja. Batani limodzi lokha, Tiwonge. Ndikanalidziwa, ndikanakumvera mpaka misozi yako itauma. Pepa mwana wanga. Kumene ukupitako, mnzako akakuimbira akulira, usadule. Ika pa sipika ngati khutu latentha, koma usadule.

Chachitatu ukuchidziwa, chifukwa unalipo, koma mbali ina sunaidziwe. Monga amayi ambiri kuno, foni ndinkaisunga m'kamisolo, kumanzere. Chitenje chilibe thumba, ndipo kumunda manja onse amakhala pa ntchito. Zaka zitatu inkakhala pamenepo. Tsiku lina ndikusamba ndinamva kanthu kolimba m'bere lomwelo, kakang'ono ngati njere ya mtedza. Nthawi yomweyo ndinati, ndi foni ija, yandiwotcha m'kati.

Ndiye taona nzeru za mayi ako. M'malo mopita kuchipatala, ndinatenga chitini cha mkaka chimene tinkasungiramo singano zosokera fodya, n'kuikamo foni, n'kutseka, n'kuchibisa muno pansi pa mulu wa mikangala. Ndinaganiza kuti ndikachotsa chobweretsa matenda, matendawo achoka okha. Ndinkangoitulutsa kukaitchaja pa sola, nditaigwira ndi nsalu ngati mphika wamoto. Iwe utadziwa, ndinakuuza kuti chotupacho chakhala masabata awiri. Ndinanama. Inali miyezi isanu, ndipo chinali chitakula kufika ngati dzira la njiwa. Bambo ako sanadziwe. Ndinkawafulatira posintha zovala, ndipo ankayesa kuti ndawakwiyira.

Unali pa holide ya Fomu 3. Bambo ako anali ku okushoni ndi mabelo, ndipo ankaimba tsiku lachitatu osayankhidwa. Iwe unalowa muno kudzatenga tsache, n'kumva mulu wa mikangala ukulira ngati mwalowa nkhululu. Unafukula, n'kutulukira panja chitini chili m'manja chikunjenjemera.

“Amayi,” unatero, “foniyi yaba chiyani kuti muitsekere m'ndende?”

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake ndinalira. Ndinangogwira dzanja lako n'kuliika pamalopo. Sunakuwe, sunathamangire kwa anthu. Unangoti, “Mawa tikupita. Ndikupalasani ndine.” Ndipo unandipalasadi, mwana wamkazi, mayi ako ali pa kaliyala, mumchenga muja mpaka kumsewu wa tala. Amuna a pa bawo anakuwa kuti, “Kabaza wamkazi uyo!” Iwe unawayankha kuti, “Wadzadza, dikirani wina!”

Kuchipatala cha ku Boma, anamwino amene anandiyeza anali mayi wamkulu wa magalasi. Iwe unali panja. Ndinawauza zonse, za kamisolo ndi za chitini. Sanandiseke. Anakhala pansi n'kundiyankha pang'onopang'ono, ndipo mawu awo ndinawasunga.

“Mayi, foni imatulutsadi mafunde, ndi mmene imalankhulirana ndi nsanja. Anthu ophunzira akhala akufufuza ngati mafundewo amadwalitsa, ndipo akufufuzabe, koma mpaka pano sanapeze umboni woti amabweretsa chotupa cha m'bere. Zotupa izi ndinkaziona mafoni asanabwere. Ngati mtima sukukhazikika, isungeni m'kachikwama, palibe chimene mutaye. Koma chimene ine ndaona ndi maso anga chikutenga amayi ndi kudikira. Inu mwamanga foni, wakuba weniweni mwamusiya akuyenda.”

Anachichotsa, anakachiyeza, ndipo sichinali khansa. Mulungu anandichitira chifundo, osati chifukwa cha nzeru zanga. Tsiku lotuluka anamwino aja anandiuza kuti ndizidzipima ndekha mwezi uliwonse, ndipo ndikamva chachilendo ndisagonetse. Nawenso uzitero, Tiwonge. Thupi lako si chinthu chochititsa manyazi. Likakuuza kanthu, pita kwa odziwa sabata lomwelo. Usafunse kaye anzako a m'chipinda, usafunse mauthenga oyendayenda pa foni aja, amene lero akuti ichi chimapha, mawa akuti ichi chimachiza. A Nyachirwa ndimawakonda, anandiphikira mwezi wathunthu nditachitidwa opaleshoni, koma si adokotala.

Tsono za foni yatsopano imene bambo ako akugulira. Kachikwama kamene wapezamo kalatayi ndasoka ndekha ndi chitenje chathu cha chigwirizano cha amayi. Chingwe ndapinda kawiri kuti chisaduke. Foni uziisunga mmenemo, osati m'kamisolo. Usandifunse umboni. Anamwino anati palibe chotaya, ndipo ine mtima wanga umakhala pansi ndikadziwa kuti ili m'chikwama. Komanso thukuta limawononga foni, ndipo mtsikana wa ku koleji sangamapise dzanja m'bulauzi pamaso pa aphunzitsi. Ukamalankhula nthawi yaitali gwiritsa ntchito sipika kapena timawaya ta m'makutu tija. Pogona usaiike pansi pa pilo, makamaka ili pa tchaja, chifukwa imatentha, ndiponso siikulola kugona. Koma timawayato uzichotsa powoloka msewu. Ku Blantyre akuti magalimoto sadikira munthu ngati ngolo za kuno. Ine ndikuona kuti ngozi ya foni imene ili pafupi ndi iwe ndi imeneyo, ndi ina ya anthu okoma pakamwa amene adzakupemphe nambala. Za amenewo azakhali ako akuuza lero, iwo pakamwa sipawalemera.

Usaiope foni monga ndinkaiopera ine, komanso usaipembedze. Ndi khasu chabe. Khasu limalima, khasu lomwelo limatema phazi la wosasamala.

Ndili ndi pempho. Ukakaphunzira za mafunde amenewa, zenizeni zake, udzabwere udzatifotokozere m'Chichewa, pa mjigo pompaja. Ngati pali choopsa udzatiuze mosabisa, ngati palibe udzatiuzenso. Amayi akuno si opusa. Kungoti zinthu zimabwera, kuimikidwa pakati pa minda yathu, popanda wotiuza kuti n'chiyani, ndiye timadzifotokozera tokha. Usadzawaseke. Udzakumbukire kuti mayi ako anayenda m'matope ndi thumba la chimanga kuthawa chitsulo. Dzulo a Nyachirwa anandiuza kuti, “Mwana wanuyo akadzakwera chinsanja chija, ine ndidzamugwirira makwerero.” Waona, ayamba kale kusintha.

Kumeneko wina akadzanena kuti ukununkha fodya, usadzalirenso. Udzamuuze kuti inde. Fodya ameneyo tinasoka tsamba ndi tsamba, ine ndi bambo ako ndi iwe, mpaka zala kuda bii. Fungo limenelo ndi limene lakukweza basi imene wakwerayi.

Tsopano mawu aja ndinanena poyamba. Khala bwino pampando, upume kaye.

Masabata atatu apitawo, ndikudzipima monga anandiphunzitsira, ndinapeza kena. Ulendo uno kali kumanja, kumene foni sinakhaleko n'kamodzi komwe. N'kakang'ono, sikakupweteka. Ndikuuza zoona, masabata awiri oyamba ndinakhala chete. Mayi ako akale aja anabwerera. Ndinkadziuza kuti ndikanena, Tiwonge sapita ku koleji, adzati ndidikire kaye ndione za amayi, ndipo malo ake adzapatsa wina. Ndinkakuona ukuchapa mabulangete, ukuimba, ndiye ndinkameza mawu.

Lamulungu lapitali ndinalowa muno kufuna singano yosokera kachikwama kako. Ndinatsegula chitini chija, paja tinabwezeramo singano, ndipo nditachigwira ndinachita manyazi a mtundu wina. Ndinati, ine ndikufuna kulembera mwana kuti asamabise matenda, pamene ndabisa anga. Madzulo omwewo ndinawauza bambo ako, ndi pakamwa pangapa, popanda wondithandiza. Iwo anati, “Mwachita bwino kunena, amake Tiwonge.” Lolemba, muja ndinati ndikupita kukagula ulusi, ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Ndinapalasa ndekha. Anandiyeza n'kulemba m'kabuku kuti Lachinayi likubwerali ndikaonekere ku Boma, akandijambule. Anati mwina n'chimodzimodzi chija choyamba, mwina ayi, sanganene asanaone. Koma anati ndafika msanga. Tiwonge, m'moyo wanga wonse aka n'koyamba kuuzidwa kuchipatala kuti ndafika msanga.

Bambo ako ndinawapempha kuti asakuuze mpaka unyamuke. Usawakwiyire, mlandu ndi wanga. Ukhoza kunena kuti apanso ndakubisira, ndipo sindikana. Koma sindinabisire achipatala, ndipo iwe ndakubisira masiku ochepa okha, pa chifukwa chimodzi: ndikufuna ukafike.

Ndiye tamvera. Usatsike pa Mponela, usatsike ku Lilongwe, usakwere basi yobwerera. Ukabwerera ndiye kuti wandilanda chinthu chimene ndimanyadira kuposa zonse. Lachinayi bambo ako andiperekeza, nazale athirira a Nyachirwa. Iwe unandipalasa kale ulendo woyamba, ndipo unandiphunzitsa njira. Uno ndi wanga.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi ichi. Ukudziwa kuti ine chigwirire foni sindinaimbirepo munthu. Ndimangofulasha, kapena kupatsira bambo ako kuti alankhule. Dzulo ndinawauza kuti andionetse pamene asunga nambala yako yatsopano, ndipo ndayeserera kanayi mpaka ndadziwa. Mayunitsi ndaika kale. Lachinayi tikabwerako, dzuwa likapendeka, ndidzakwera pa chulu cha kuseri kwa khola ndipo ndidzakuimbira ndekha. Chimene akandiuze kuchipatala, chokoma kapena chowawa, ndidzakuuza chonse monga anenera, osachotsapo, osachepetsa miyezi ngati kale lija. Ukatero nawe udzandiuze zako: chipinda chako, anzako, chakudya, ngati walira kapena ayi. Ndikufuna kumva zonse.

Uzipemphera, uzidya, uzifunsa. Mulungu amene anakusunga m'mimba mwa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wosadziwa kanthu, akusunganso kumeneko.

Lachinayi foni ikhale yotchaja, ikhale m'kachikwama, kachikwamako kakhale pafupi. Ikalira uyankhe, ndidzakhala ndine. Khutu likatentha ndidzadina batani lija unandionetsa. Ulendo uno sindidula, mwana wanga. Udzadula ndiwe.

Ndine mayi ako,
Esinala